Masekondi 4 a ku Kempton ndi mapaundi anga 5

Tsiku limene Freddy Tylicki, wokwera mahatchi a mjaho, anafa miyendo, ine ndinawina ndalama. Ndayesa kangapo kuiyamba nkhaniyi mozungulira, ngati mmene timachitira pokauza munthu uthenga wa maliro, koma ikumathera pomwepo. Ndiye ndangoti ndiyambire pomwepo.

Linali Lolemba, pa 31 Okutobala 2016. Ine ndinali ku Leicester, kuno ku England, iye ali ku bwalo la mjaho wa mahatchi la Kempton Park, kufupi ndi London. Sitinaonanepo, sandidziwa n'komwe. Chinatilumikiza ndi kapepala ka mapaundi 5.

## Madala ndi timapepala tawo

Nthawi imeneyo n'kuti ndikugwira ntchito ya care, ija yoyenda khomo ndi khomo. Amene muli kuno mukuidziwa, sindichita kufotokoza. Mwa anthu amene ndinkawasamalira munali bambo ena achingelezi a zaka za m'ma 80, omwe ndinkangowaitana kuti Madala. Dzinalo analikonda, mpaka ankadzitchula okha akamandiimbira foni. Sitiroko inawalanda mwendo ndi dzanja la kumanzere, koma mutu unali wakuthwa ngati lezala.

Ali mnyamata anagwirapo ntchito m'makola a mahatchi a mjaho, kupala ndowe, kupesa mahatchi, kuwathamangitsa m'mamawa kusanache. Ankafuna kudzakhala jockey, wokwera hatchi pa mjaho, koma thupi linawapandukira: anatalika, n'kulemera. Chinatsala ndi chikondi chokha. M'mawa ulionse, ndikangomaliza kuwasambitsa, ankatsegula nyuzi kuyambira kumapeto, pensulo ili kukamwa, n'kulemba mayina a mahatchi atatu kapena anayi pa kapepala. Masana ndinkapita nako ku shopu yobetchera ya pakona. Abwana anga akanadziwa zoti ndikutumidwa kumeneko sakanasekerera, koma zaka zapita, asiyeni amve lero.

Ine za mahatchi sindinkadziwa kanthu. Kwathu tinakula tikuona abulu ndi ng'ombe zapangolo. Hatchi yoyamba ndinaiona ndili wamkulu kale, pamwamba pa phiri la Zomba, itanyamula mlendo wina amene ankaoneka kuti akuopa kuposa ine. Koma munthu ukamalowa m'shopu ija tsiku ndi tsiku, dzanja limayamba kuyabwa. Ndinayamba ndi paundi imodzi, kenako ziwiri. Ndinkasankha hatchi potengera dzina basi. Tsiku limenelo ndinaona dzina loti Madame Butterfly pa mjaho wa 3:20 ku Kempton, ndipo poti mwana wanga wamkazi anali pa msinkhu wojambula agulugufe pa chilichonse, ndinati lero ndiika 5 yathunthu.

## Lolemba lija

M'shopu yobetchera anthu sayankhulana. Mumakhala ma TV khoma lonse, timabolopeni tating'ono, timapepala tofinyidwa pansi, ndi azibambo ovala majekete amene aliyense amayang'ana m'mwamba ngati akudikira mvula. Munali anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi.

Unali mjaho wamba, wa pakati pa sabata, wa mahatchi aakazi amene anali asanapambanepo mjaho ulionse. Mtunda wake mailo imodzi, makilomita 1.6, pa bwalo losakhala la udzu koma la mchenga wosakaniza ndi ulusi ndi labala, loti azithamangapo ngakhale kugwe mvula. Mjaho wotere sufika mphindi 2. Hatchi yanga inanyamuka bwino, inali kutsogolo, wokwera wake Graham Gibbons. Kumbuyo kwake pang'ono, cha mkati kufupi ndi mpanda, kunali ina yotchedwa Nellie Deen. Dzina la wokwera wake sindinaliwerenge. Sindinkawerenga mayina a anthu.

Atafika pokhota, ndinangoona hatchi ya mkati ija yapinda maondo, mutu pansi, matako m'mwamba. Za kumbuyo zinalibe kothawira. Yachiwiri inagwera pomwepo, yachitatu, yachinayi. Fumbi, miyendo, malaya amitundumitundu ali bulubulu pansi. Bambo wina pafupi nane anatukwana chapansipansi. Kamera sinaime. Imatsata amene akuthamangabe, ndiyo ntchito yake, ndipo maso anga anatsata kamera. Madame Butterfly anali kutsogolobe. Ndinamva mawu anga akukuwa m'Chichewa, pakati pa azungu aja: "Pita! Pita iwe! Pita!"

Inapitadi. Inawina.

Kenako pa TV panabwera uthenga woti akuluakulu oyang'anira mjaho akufufuza zomwe zachitika. Apa ndi pamene ndimachita napo manyazi kwambiri. Mtima wanga unagunda, inde, koma unagunda chifukwa cha kapepala. Ndinapita pa kauntala kukafunsa mtsikana wogulitsa ngati hatchi yanga angailande chipambano. Anandiyankha kuti ndidikire, maso ake ali pa TV, dzanja lili pakamwa. Ndinaona ngati akuchedwetsa dala.

Ndinadikira. Pa TV ankaonetsa patali, anthu atazungulira malo amodzi, ataimika zotchinga zija amaika kuti anthu asaone. Mjaho wotsatira sunayambe. Ndalama zanga zinatuluka, ndinaziwerenga kawiri, n'kuziika m'thumba la mkati.

## Umawerenga zipewa

Ndinalowa m'nyumba mwa Madala ndikumwetulira, ndisanavule n'komwe jekete.

"Madala, lero mwayi wagwera kwa ine. Ya gulugufe ija yawina."

Sanaseke. Anali pa mpando wawo uja, wailesi ili pamwendo.

"Adzuka onse?"

"Ndani, Madala?"

"Anyamata aja. Agwa anayi. Adzuka angati?"

Ndinaima pakhomo. Ndinali nditakhala m'shopu muja pafupifupi ola lathunthu, TV ili patsogolo panga, koma funso limenelo ndinalibe yankho lake. Ndinati sindinaonetsetse.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mokwiya, koma ngati mmene amakuyang'anira malume ako ukafika pa maliro n'kuyamba kufunsa za nsima. Kenako anati:

"Mwana wanga, mahatchi akagwa umayamba wawerenga zipewa. Zagwa zingati, zadzuka zingati. Zina zonse pambuyo."

Anandiuza kuti mijaho yonse yotsala ku Kempton tsikulo aiimitsa, ndipo kwatera helikopita. Anati anthu a mahatchi saimitsa mjaho chifukwa cha mkono wothyoka. Mkono, phewa, nthiti, zimenezo kwa iwo n'chimfine. Akaimitsa, ndiye kuti pali amene sanadzuke.

Atatu anapulumuka mwa mtundu wawo. Jim Crowley, amene anali atangotenga kumene ukatswiri wa ma jockey a mijaho yopanda zodumpha ku Britain chaka chimenecho, anathyoka mphuno. Ted Durcan anathyoka kakolo. Steve Drowne anadzuka n'kuyenda. Wachinayi, wa pa Nellie Deen, anamutengera ku chipatala cha St George's ku London. Ndi pamene ndinamva dzina lake koyamba, kuchokera pakamwa pa Madala: Freddy Tylicki, wa zaka 30, wobadwira ku Germany, mwana wa jockey yemwenso anali katswiri kumeneko. Chaka chimenecho ndicho chinali chake. Anali atawina mijaho iwiri ya pamwamba penipeni ku France pa hatchi yotchedwa Speedy Boarding, wachiwiriwo mwezi womwewo wa Okutobala, masabata anayi okha m'mbuyomo.

Madala anandifotokozera mmene zimachitikira, akusonyeza ndi zala za dzanja lawo labwino lija pa tebulo. Hatchi ya mjaho imalemera makilogalamu pafupifupi 500 ndipo imathamanga makilomita pafupifupi 60 pa ola. Wokwerayo ndi kamunthu ka makilogalamu 50 ndi kanthu, ndipo sakhala pansi ayi, amanyonyomala pa nsonga za mapazi, pa tizitsulo tiwiri. Mahatchi amathamanga mothinana, mphuno ya ina pa mchira wa inzake. Yakutsogolo ikangolowera mbali pang'ono, ziboda zakutsogolo za yakumbuyo zimakola ziboda zakumbuyo za inzake. Kuli ngati kupinga munthu amene akuthamanga, kungoti wopingidwayo ndi theka la tani, ndipo kumbuyo kukubwera matani ena.

Usiku umenewo ndinawagoneka monga mwa masiku onse. Lamba pansi pa msana, makina onyamulira, kenako dzanja langa pansi pa mwendo wakufa uja kuti ndiuike bwino pa bedi. Mwendo umene mwini wake saumva umalemera mwa mtundu wina, amene munagwirapo mukudziwa. Ndalama zija zinali m'thumba, ndinkazimva zikukhudza nthiti ndikawerama.

## T7

Lachisanu la sabata yomweyo kunatuluka uthenga woti wafa ziwalo kuyambira pa T7 kutsika m'munsi. Anathyokanso nthiti 18.

Anthu ambiri anangowerenga chilembo ndi nambala. Ine nambala imeneyo ndimaidziwa ndi manja. T7 ndi fupa la chisanu ndi chiwiri mwa mafupa 12 a msana a pachifuwa, cha pamene pathera mafupa a mapewa kumbuyoku. Mtsempha waukulu wa mumsana ukaonongeka pamenepo, manja amatsala, mutu umatsala, kupuma kumatheka. Koma kuyambira pansi pa chifuwa, thupi limasiya kumva ndi kumvera.

Anthu amaganiza za kuyenda basi. Kuyenda n'kumene kumaoneka. Zimene sizioneka ndi zija timachita ife chitseko chili chotseka. Chikhodzodzo sichikuuzanso kuti chadzaza, ndiye pamafunika kapaipi, maola angapo alionse, moyo wonse. Kuchimbudzi kumakhala kwa pa ndandanda, kochita kukonzekera. Khungu la pamatako ndi pazidendene limatha kuphulika chilonda munthu osamva kanthu, chifukwa thupi silimuuzanso kuti tembenuka, ndipo chilonda chotere chikazama chimagoneka munthu miyezi. Ngakhale kukhala tsonga kumachita kuphunziridwanso, popeza minofu ya pamimba imene imagwira munthu kuti asagwere kutsogolo nayo inapita. Tangoganizani, munthu amene ntchito yake yonse inali kudzigwira pa nsonga za mapazi pamwamba pa nyama yothamanga, akuphunzira kukhala m'mphepete mwa bedi osagwa.

Chimene chinandisautsa n'chakuti zonsezi ndinkazidziwa kale. Mnzanga wa m'shopu uja amene anatukwana, mwina sanaonepo chilonda cha pabedi. Ine ndinkachitsuka m'mawa ulionse pa nyumba ina. Ngati m'chipinda chija munali munthu woyenera kuona thupi likugwa n'kudziwa zimene zikubwera, ndinali ine. Koma ndine amene ndinapita pa kauntala.

## Kalendala ya kukhitchini

Kukhitchini kwa Madala kunali kalendala ya zithunzi za mahatchi. Ndinkalembapo masiku a adokotala ndi a mankhwala, miyezi yonseyo, osawerengapo mawu a pansi pake. Inali ya Injured Jockeys Fund, thumba lothandiza ma jockey ovulala. Ankaigula chaka chilichonse pamodzi ndi makadi a Khirisimasi.

Thumbali linayamba mu 1964, okwera awiri, Tim Brookshaw ndi Paddy Farrell, atathyoka misana pa bwalo la Aintree motsatizana, wachiwiriyo mu Grand National ya chaka chimenecho, mjaho wotchuka wodumpha mipanda. John Oaksey, yemwe anali wokwera komanso mtolankhani, ndi amene anatsogolera zopempha thandizo. Lero lili ndi nyumba zitatu zothandizira ovulala kuti thupi libwerere: ku Lambourn, ku Malton ndi ku Newmarket. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Jockey salembedwa ntchito ya pamwezi. Amalipidwa pa hatchi iliyonse imene wakwera, nthawi imeneyo mapaundi 100 ndi kanthu, kuphatikizapo kagawo kochepa akawina. Akagona m'chipatala, ndalama nazo zagona.

Za Tylicki, mtolankhani wa pa TV Matt Chapman anatsegula chopereka pa intaneti, ndipo m'masiku ochepa chinadutsa mapaundi 250,000. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndalama zanga zija ndinaponya momwemo. Bodza. Zinali zitapita kale, zina pa mayunitsi oimbira kumudzi, zina pa chambo chouma chimene mayi wina ankagulitsa ku tchalitchi. Chimene ndinachita n'kugula kalendala yanga chaka chotsatira, ndipo ndikudziwa kuti sizifanana.

Ndinadzaikumbukira kalendala ija zaka zitatu pambuyo pake, msuweni wanga wa kabaza atagwa ndi njinga yamoto kumudzi n'kuvulala msana. Thumba lake linali gulu la banja la pa WhatsApp, ndipo womutembenuza usiku anali azakhali, pa mphasa. Ndinkawafotokozera pa foni mmene angaikire mapilo pakati pa maondo. Imeneyo ndi nkhani ina, ya tsiku lina.

## Tsoka silinunkha, amatero

Oyang'anira mjaho ku Kempton anagamula kuti inali ngozi chabe. Ine chigamulo chimenecho ndinachilandira ndi manja awiri, chifukwa chinkandimasula. Tsoka silinunkha. Hatchi yanga inangopezeka pamalo olakwika, basi.

Tylicki sanavomereze. Anakasuma ku khoti lalikulu la High Court ku London, akunena kuti Gibbons anamutsekera njira pokhota paja akudziwa kuti mkati muli munthu. Gibbons anakana, nati zinali zochitika za pa mjaho, zoti aliyense wokwera amadziwa kuti zingamugwere. Mlandu unamvedwa kumapeto kwa 2021. Tylicki, ali pa njinga yake, anauza khoti kuti ataona mpata ukutsekeka anakuwa dzina la mnzakeyo. Ryan Moore, mmodzi mwa ma jockey otchuka kwambiri padziko lonse, anaperekera umboni monga katswiri wa mbali ya Tylicki. Kanema wa mjahowo anamuonera mobwerezabwereza, kuchokera mbali zosiyanasiyana, chithunzi ndi chithunzi.

Mu Disembala 2021 woweruza, mayi Karen Walden-Smith, anagamula mokomera Tylicki. Anapeza kuti kwa masekondi 4, Gibbons anakwera mosalabadira n'komwe za moyo wa mnzake. Kanali koyamba ku Britain kuti jockey awine mlandu wotere wosumira jockey mnzake.

Pali ena amene anadandaula kuti zikatere ndiye kuti aliyense wogwa azithamangira ku khoti, ndipo masewerawo atha. Ine sindikuona choncho. Woweruzayo sananene kuti kulakwitsa kulikonse ndi mlandu. Munthu amene akuganiza pa liwiro la makilomita 60 amalakwitsa, ndipo anzake onse anavomera zimenezo tsiku limene anakwera hatchi. Koma masekondi 4 pa mjaho ndi nthawi yaitali. Hatchi imadutsa mamita oposa 60. Pali nthawi yomva mnzako akukuwa.

Ndinawawerenga masekondiwo ndili m'basi, nkhani ili pa foni. Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Ndi nthawi yokwanira kunena kuti "Pita! Pita iwe! Pita!"

Madala sanachimve chigamulochi. Anatisiya mu 2018.

Sikuti nthawi zonse pamakhala wolakwa. Mu Novembala 2023 ku Newcastle, Graham Lee, munthu amene anawina Grand National mu 2004 n'kudumpha mipanda zaka zambirimbiri asanasamukire ku mijaho yopanda zodumpha, anagwa pa hatchi pamene zitseko zoyambira zimangotseguka kumene, mjaho usanapite kulikonse. Anathyoka khosi, n'kufa ziwalo. Uthenga umenewo unandipeza ndili pa shifiti ya usiku, ndipo ulendo uno funso langa loyamba linali loyenera.

## Ku Oadby

Tylicki ndimamuona pa TV masiku ano, pa Sky Sports Racing, akufotokoza za mijaho. Amagwiranso ntchito yosankhira anthu mahatchi oti agule. Kamera imamuonetsa kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, ngati wina aliyense, atavala jekete yabwino, akuseka. Ine maso amathamangira pa zimene sizikuoneka: anadzuka nthawi yanji kuti afike pamenepo, anakhala maola angati pa mpandowo. Ndi matenda a ntchito yathu.

Kubetcha sindinasiyiretu, ndisakunamizeni. Grand National ikafika ndimaikabe kenakake ngati wina aliyense kuno. Kungoti pano ndimawerenga mzere wonse, mpaka dzina la kumapeto lija, la munthu.

Zaka zonse zija ndinali ndisanapondepo pa bwalo la mjaho, chonsecho la Leicester lili pa Oadby pomwepa, ulendo wa basi imodzi. Ndinadzapita chilimwe china ndi mwana wanga uja, agulugufe atawasiya kalekale. Tinaima pamene ma jockey amadutsa popita kukakwera. Pa TV sungadziwe kuti ndi ochepa thupi chotani. Ena amandifika paphewa, miyendo ngati ya mwana wa sitandade 6, koma nkhope zili za akulu, masaya olowa, khungu louma la munthu amene wakhala zaka akukangana ndi sikelo. Mmodzi ankayenda motsimphina pang'ono, akuseka ndi mnzake.

Kenako tinapita pa mpanda penipeni. Zinthu ziwiri TV siikupatsa. Choyamba ndi phokoso: nthaka imanjenjemera m'mapazi mahatchi asanafike, ndipo akamadutsa umamva okwerawo akukalipirana, kupempha mpata. Chachiwiri chimabwera kumbuyo kwawo, pa kamsewu ka m'mbali, kumene kamera siyang'ana: ambulansi ndi galimoto ya adokotala, zikuthamanga kutsatira mjaho kuyambira poyambira mpaka pothera. Sindikudziwa ntchito ina imene munthu amagwira ambulansi ikumulondola pambuyo, injini ili yoliza.

Anadutsa ngati mphepo, anthu akukuwa, timapepala tili m'mwamba. Mwana wanga anandikoka dzanja.

"Adadi, yawina iti?"

Ndinamuuza kuti ayang'ane pa bolodi, ine sindinaone. Zinanyamuka zipewa 9, ndipo n'kuti ndili pa ya chisanu ndi chitatu, ndikusuzumira kumbuyo kufuna yotsalayo. Inabwera payokha, mochedwa, ya buluu, wokwera wake ataimirira pa zitsulo zija akusisita hatchi pakhosi.